Lager ija si "larger" ayi achimwene, ndi mowa wogona

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene ali ku Joni, akuti Loweruka lina atakhala ndi anzawo pena pake akuziziritsa kukhosi anakangana mpaka mawu kukwera. Ndangoidula pang'ono chifukwa inali yaitali, koma mutu wake ndi uwu: "Pa botolo la Castle palembedwa kuti Lager, pa Windhoek chimodzimodzi. Mnzanga wina akuti liwuli ndi larger, kutanthauza chachikulu, chifukwa mowawu unkabwera m'mabotolo akuluakulu nde azungu anangochotsapo r kuti lizioneka bwino pa lebulo. Ine ndinakana koma ndinalibe pogwira. Tinabetcherana kireti. Tithandizeni, wolondola ndani?"

Achimwene, kireti ija ndi yanu, kaitengeni. Koma musapite kukangonena kuti ndawina basi, chifukwa mnzanuyo akufunsani kuti nanga ngati si larger ndi chiyani, nde mudzangoti kukamwa yasa. Khalani pansi ndikufotokozereni.

Mnzanuyo sindikumuseka ayi, kulakwitsa kwake ndi komveka ndithu. Mzungu wa ku England akamatchula mawu awiriwa r ija samaitchula n'komwe, lina amati "laga" linalo amati "laja", kusiyana kwake ndi kachilembo kamodzi kapakatiko basi. Nde munthu ukamamva m'phokoso la mu bala, nyimbo zili m'mwamba, n'zosavuta kuganiza kuti ndi liwu limodzi. Ndaonapo ngakhale pa zikwangwani za mabotolo sitolo atalemba ndi penti kuti "cold larger" ndipo palibe amene amadandaula bola mowawo uli wozizira. Koma mawu awiriwa si pachibale olo pang'ono. "Large" analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, ndipo Afalansawo anautenga ku Chilatini, largus, lomwe linkanena za chinthu chochuluka kapena munthu wopatsa, wosaumira. Pamene "lager" ndi liwu la Chijeremani lenileni, linachita kubwera ndi anthu pa sitima yapamadzi, ndipo za kukula kwa botolo mulibemo.

M'Chijeremani liwu loti Lager limatanthauza malo amene chinthu chimagona. Mwamva bwino, kugona. Likuchokera ku mneni wawo woti liegen, amene ndi m'bale wake wa "lie" wa Chingerezi uja, osati kunama ayi koma kugona pansi. Nde chifukwa choti zinthu zogona ndi zambiri, liwuli linatambasuka. Pogona munthu, kaya ndi pa udzu kaya pa chikopa, ndi Lager. Msasa wa asilikali pomwe amanga matenti ndi Lager. Nyumba yosungiramo katundu wa sitolo ndi Lager, moti lero lomwe mukalowa m'sitolo ku Munich n'kufunsa ngati chinthu chakutichakuti chilipo, akakuyankhani kuti "auf Lager" ndiye kuti chilipo, chagona kuseri uko. Ngakhale bering'i ya njinga, ija imalira kuti kwee kwee akabaza akapanda kuika girizi, kwawoko amaitcha Kugellager, malo ogona timipira tachitsulo tija. Ndipo akatenga Lager n'kupanga mneni amati lagern, kusunga chinthu, kuchigoneka. Choncho dzina lonse la mowawu linali Lagerbier, mowa wosungidwa, ife tikanati mowa wa m'nkhokwe, kapena mwachidule mowa wogona.

Apa ndi pomwe ine ndinaseka ndekha tsiku loyamba kumva zimenezi, chifukwa ife kugona kwa chakudya timakudziwa bwino. Timati ndiwo zogona, madzi ogona, nsima ikagona timaitcha mkute. Ndipo aliyense amene anakulira pafupi ndi mtsuko wa thobwa akudziwa kuti thobwa la lero ndi thobwa logona masiku atatu ndi zinthu ziwiri zosiyana, loyambalo amamwa ndi ana a Sande sukulu omwe, lachiwirilo a mpingo amayamba alinunkhiza kaye. Agogo anga akazi ankafulula mowa wa masese kukakhala dima, ndipo ine ndili mwana ntchito yanga inali yothamangitsa nkhuku pa mphasa ya chimera. Ankaviika mawere m'madzi, kenako n'kuwavundikira ndi masamba a nthochi pakona ya khitchini mpaka atatulutsa timizu toyera, n'kuyanika padzuwa, n'kusinja. Tsiku lophika ankatereka mgolo wonse wa phala, likazizirako n'kuthira chimera chija, ndipo phala lomwe linali lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, ine ndinkaona ngati matsenga. Zikatero amalisiya ligone. Usiku kukakhala zii umamva mbiya ikulankhula yokha, tuthovu tikuphulika pamwamba, agogo n'kudzuka ndi koloboyi kukasuzumira, kuviikamo chala, kulawa, n'kunena kuti ayi sunapse, ugonenso.

Mwa njira, poti tatchula chimera, taonani mmene zilankhulo zimaonera chinthu chimodzi mosiyana. Ife tinachitcha chimera chifukwa mbewuyo yamera. Azungu amati "malt", ndipo akatswiri a mawu amaliika m'banja limodzi ndi "melt", kufewa kapena kusungunuka, iwo anaona kufewa kwa njere zoviikidwa zija. Ife tinayang'ana mizu, iwo anapanikiza ndi chala. Koma tisasochere.

Kusiyana kwa kugona kwathu ndi kwa Ajeremani ndi kutalika kwake komanso kuzizira. Mowa wa agogo unali wa masiku owerengeka, ukapsa umwedwe msanga, mukachedwa umasasa ngati viniga ndipo ntchito yonse ija yapita m'madzi. Chibuku nachonso ndi chomwecho, chimapitiriza kuwira m'paketi momwemo, n'chifukwa chake simungachisunge mwezi. Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi chaka china mu Okutobala, ndinathira thobwa m'botolo la pulasitiki n'kutseka kwambiri, linagona masiku awiri m'chipinda cha malata, tsiku lachitatu n'kulitsegula ndili mu minibasi. Mayi amene anakhala kutsogolo kwanga anali atavala yunifolomu yoyera ya mvano, zina zonse mungoganizira nokha kkkk. Kutentha kumathamangitsa chilichonse chomwe chili m'kati mwa mowa, chabwino ndi choipa chomwe.

Vuto lomweli ndi lomwe linkawasowetsa tulo ofulula mowa a ku Bavaria, chigawo cha kummwera kwa Germany komwe kuli mzinda wa Munich. Mowa wofululidwa nthawi yozizira unkatuluka bwino, koma wa nthawi yotentha kawirikawiri unkasasa, pena kununkha, anthu n'kumadwala m'mimba, ndipo panalibe amene ankadziwa chifukwa chake poti za tizilombo tosaoneka ndi maso zinali zisanadziwike. Kuwonjezera apo kufulula kumafuna moto waukulu pansi pa mapoto akuluakulu, m'mizinda ya nyumba zamatabwa zothithikana, nyengo youma, nde moto unkabuka. Mu 1553 wolamulira wa Bavaria, Albrecht V, anangolamula kuti kuyambira pa 23 Epulo, tsiku la George Woyera, mpaka pa 29 Seputembala, tsiku la Mikayeli Woyera, munthu asafulule mowa. Kumbukirani kuti kwawoko nyengo ndi yotembenuka, pamene ife tikuvala majuzi mu Juni ndi Julayi iwo ndi pomwe akutuluka thukuta. Tangoganizani tsono, miyezi isanu yathunthu yopanda kufulula, koma ndi miyezi yomweyo imene anthu ali ndi ludzu loopsa. Nde anatani? Mu Malichi ankafulula mowa wambiri, wamphamvuko pang'ono komanso wothira hops wochuluka, timaluwa tija timapatsa mowa kuwawa, kuti usaonongeke msanga, n'kuugoneka m'migolo m'malo ozizira kuti uzimwedwa pang'onopang'ono mpaka Seputembala. Mowa wa mtundu umenewu mpaka lero umatchedwa Märzen, kuchokera ku dzina la mwezi wa Malichi m'chilankhulo chawo.

Malo ozizirawo ndiwo Lager yeniyeniyo. Ena ankagwiritsa ntchito mapanga a m'mapiri, ena ankakumba zipinda zakuya pansi pa nthaka m'mbali mwa mtsinje wa Isar. Nthawi yachisanu madzi a m'maiwe ndi m'nyanja akaundana, amuna ankapita ndi masowo kukacheka zibuma za madzi oundana, zikuluzikulu ngati matebulo, kuzikweza pa ngolo za mahatchi n'kukaziunjika m'zipinda zija kuti zizisungunuka pang'onopang'ono chilimwe chonse. Pamwamba pa zipindazo ankathira timiyala n'kudzala mitengo ya chestnut, chifukwa ili ndi masamba otambalala opereka mthunzi wabwino koma mizu yake siipita pansi kwambiri moti siingaboole denga la chipinda. Kenako zinangochitika zokha, mthunzi ulipo, mowa wozizira uli pansi pa mapazi ako pomwepo, wina anabweretsa benchi, wina tebulo, anthu n'kuyamba kumwera pompo. Eni malo odyera m'tauni anadandaula kuti makasitomala awathawa, mpaka mu 1812 mfumu Maximilian I inagamula kuti ofulula mowa atha kugulitsa mowa pa zipinda zawozo koma chakudya ayi, kupatula buledi. N'chifukwa chake mpaka lero m'minda yomwera mowa ya ku Munich munthu amaloledwa kubwera ndi kamba wake kuchokera kunyumba. Ine zimenezi zimandikumbutsa pansi pa mtengo wa mango kumudzi, kungoti ife mbiya timaiika pamthunzi pamwamba, iwo anaikwirira pansi.

Tsono chomwe sankadziwa n'choti m'kuzizira muja ankasankha yisiti mosazindikira. Lamulo lawo lotchuka la 1516, lija limati mowa upangidwe ndi madzi, balere ndi hops basi, yisiti silimutchula n'komwe, iwo ankangotapa nsenga za mowa wakale n'kuthira mu watsopano ngati mmene amayi ena amasiyira kamowa pansi pa mbiya osatsuka. Yisiti wamba, yemwe amafufumitsa buledi ndi mandazi uja, amakonda kotentherako, madigiri 15 mpaka 24 kapena kuposa, amagwira ntchito mwachangu ndipo thovu lake limakwera pamwamba. Mowa wa yisiti ameneyu ndi womwe Angerezi amautcha "ale". Mukamuika pozizira kwambiri amangogona tulo osagwira ntchito. Koma m'mapanga a ku Bavaria munapezeka mtundu wina wopirira chisanu, umene umadya shuga pang'onopang'ono pa madigiri 7 mpaka 13, ukamaliza n'kudikha pansi pa mgolo. Chaka ndi chaka amene ankapulumuka m'kuzizira muja ndi yemweyo, mpaka anakhala mwini nyumba. Ndipo mowa ukagona masabata angapo kapena miyezi pafupi ndi madigiri 0, zonse zoyandama zimadikha, kafungo ka mazira owola kamene kamamveka mowa ukadali wanthete kamatha, kamakomedwe kangati batala kamene yisiti amatulutsa poyamba amakadyanso yekha, mowa n'kutsala woyera woti ukauika m'tambula umaona nkhope ya mnzako mbali inayo. Ntchito yougoneka imeneyi mpaka lero m'mafakitale a mowa amaitcha "lagering".

Chinthu china chomwe chinandidabwitsa, asayansi atamufufuza yisiti ameneyu anapeza kuti ndi mwana wa makolo awiri, kholo limodzi ndi yisiti wamba uja, koma linalo linasowa kwa zaka zambiri osadziwika komwe lili. Linadzapezeka mu 2011, osati ku Germany ayi koma m'nkhalango zozizira za ku Patagonia, kummwera kwenikweni kwa South America, pa makungwa ndi zotupa za mitengo, analitcha Saccharomyces eubayanus. Kenako linaonekanso ku Tibet ndi madera ena, ndipo ku Ulaya linadzapezeka mu 2022 m'dothi la ku Dublin.

Musaganize kuti lager woyambayo anali wagolide ngati amene muli naye m'manjayo, anali wakuda bii kapena wofiirira chifukwa chimera ankachiumitsa pa moto wautsi. Wagolideyu anabadwira ku Plzeň, mzinda womwe lero uli m'dziko la Czech Republic, Ajeremani amautcha Pilsen. Kumeneko mowa unafika poipa moti mu 1838 anthu anakhuthula migolo 36 pabwalo la mzinda pamaso pa aliyense, kenako anasonkherana n'kumanga fakitale yatsopano, n'kuitana katswiri wa ku Bavaria dzina lake Josef Groll. Mu 1842 iye anaphatikiza njira yogoneka mowa ija ndi chimera choumitsidwa mosapsereza, hops wa m'deralo wotchedwa Saaz, ndi madzi ofewa a kumeneko, panatuluka mowa wowala ngati uchi wosungunula. Pansi pa fakitaleyo anakumba ngalande zogonekamo migolo zotalika pafupifupi makilomita 9. Nde mukaona liwu loti "pilsner" kapena "pils" pa botolo, limenelo ndi dzina la mzinda chabe, ndipo pilsner aliyense ndi lager koma si lager aliyense amene ali pilsner.

Ife a ku Malawi nkhaniyi imatikhudza kudzera ku Denmark. J.C. Jacobsen wa ku Copenhagen analawa mowa wa ku Bavaria n'kuukonda, ndipo mu 1845 anapita ku Munich kwa Gabriel Sedlmayr wa fakitale ya Spaten kukapempha yisiti uja. Nkhani imanenedwa kuti anamunyamula m'bokosi la chipewa, ulendo wa masabata pa ngolo, akumathira madzi ozizira paliponse pomwe aima kuti asafe. Mu 1847 anatsegula fakitale yake pa kaphiri ka Valby n'kuitcha dzina la mwana wake Carl kuphatikiza liwu lotanthauza phiri, Carlsberg. Kaphiriko kanathandiza pokumba zipinda zogonekamo mowa. M'labotale ya kampani yomweyi ndi momwe Emil Christian Hansen mu 1883 anakwanitsa kupatula yisiti wa lager payekha, wopanda kusakanikirana ndi tizilombo tina tosasitsa mowa, ndipo anamugawa kwa ofulula ena osalipiritsa. Kumbuyoko pang'ono, m'zaka za m'ma 1870, Carl von Linde anali akupanga makina oziziritsa, ndipo ena mwa makasitomala ake oyambirira anali a Spaten omwe aja, atatopa ndi kudalira madzi oundana a m'maiwe omwe chaka china chisanu chikachepa ankasowa. Firiji yomwe mumasungamo nyama ndi Sobo kunyumbako ili ndi ngongole kwa anthu a mowa, musawanyoze kwambiri. Makina amenewa ndi omwe anachititsa kuti phanga la ku Bavaria litheke kumangidwa paliponse, ngakhale kotentha ngati kwathu kuno, ndipo mu 1968 Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark, yomwe mu 2016 inapita m'manja mwa Castel. Girini yomwe timaitchula ndi mtundu wa lebulo ija ndi mowa wa banja lomweli, kungoti ife liwu loti lager sitilitchula kawirikawiri, timangoti ndipatseni Girini, ndipatseni Kuche. Anzathu a ku Zambia ndi Mosi wawo, ndi inu a ku Joni ndi Castle, ndi omwe mumaliona tsiku ndi tsiku.

Nanga linalowa bwanji m'Chingerezi? Mungaganize kuti linadutsa pa England poti ndi pafupi, koma njira yake yaikulu inali America. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 Ajeremani ambirimbiri anasamukira ku United States, makamaka zipolowe za ndale za mu 1848 zitalephera kwawo, n'kukakhazikika m'mizinda ngati Milwaukee, St. Louis, Cincinnati ndi Chicago. Anapita ndi yisiti wawo, anakumba mapanga awo, ndipo pa zikwangwani analemba Lagerbier. Anzawo olankhula Chingerezi anamva "bier" n'kuzindikira kuti ndi "beer", koma Lager uja sanamumasulire, anangomusiya momwemo n'kumati "lager beer", pasanapite nthawi n'kudula kukhala "lager" basi. Zili ngati mmene ife tinatengera kachasu kwa Apwitikizi, kuchokera ku cachaça wawo, chakumwa chikabwera chimabwera ndi dzina lake m'thumba. Ndipo liwuli linatchuka ndi mkangano womwe. Ku Chicago mu 1855 meya Levi Boone, wa chipani chodana ndi obwera, anakweza laisensi yogulitsira mowa kuchoka pa madola 50 kufika pa 300, n'kulamula kuti malo omwera azitsekedwa Lamulungu, lomwe linali tsiku lokhalo limene Ajeremani ogwira ntchito m'mafakitale ankapuma n'kukhala ndi mabanja awo pa mowa. Anthu anamangidwa, anzawo anaguba kupita kukhoti, panabuka chipolowe ndi apolisi ndipo munthu mmodzi anafa. M'mbiri ya mzindawo mpaka lero chimatchedwa Lager Beer Riot. Inu amene muli m'dziko la eni mukudziwa mmene zimakhalira lamulo likamaoneka ngati la aliyense koma aliyense akudziwa amene likumusaka.

Ku Britain kwenikweniko lager anachedwa kugwira msika. Fakitale ya Wrexham ku Wales inayamba m'zaka za m'ma 1880, oyambitsa ake Ajeremaninso, koma Angerezi anakakamirabe ale wawo wosazizira kwambiri uja kwa zaka pafupifupi 100, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi pomwe lager anapitirira. Nthawi yomweyo manyuzipepala awo anapeka dzina loti "lager lout", kunena anyamata oledzera ochita zachipongwe m'misewu, liwu lomwe linayamba ndi kugona phee m'phanga n'kukathera pa munthu wophwanya mawindo.

Tsopano gawo lomwe ine limandisangalatsa kwambiri, abale ake a liwuli, chifukwa ena mumawadziwa kale koma simunadziwe kuti ndi amodzi. Chingerezi ndi Chijeremani ndi zilankhulo za mtundu umodzi, ngati mmene Chichewa chilili ndi Chitumbuka kapena Chisena, nde Angerezi akale nawonso anali ndi liwu lawo lofanana ndi Lager, ankati leger, pogona, kama, pena ngakhale manda. Liwu limenelo silinafe, linangosintha katchulidwe n'kukhala "lair", pogona chilombo, mbuto, ija timati mbuto ya kalulu inakula ndi tadzaonani. Choncho pamene Chingerezi chinkabwereka "lager" chinkalandira msuweni wa liwu lomwe chinali nalo kale m'nyumba, osamuzindikira. Akatswiri amati onsewa akuchokera ku muzu wakalekale woti legh, kugona kapena kugoneka, womwenso unabala "lie" ndi "lay". Ngakhale "law", lamulo, ndi wa banja lomweli, Angerezi analitenga kwa ma Viking, ankhondo akale a kumpoto kwa Ulaya, ndipo tanthauzo lake linali chinthu choikidwa pansi, chokhazikitsidwa, monga ifenso timanenera kuti boma laika lamulo. Wapolisi amene akukugwirani chifukwa choyendetsa galimoto mutamwa, lamulo lomwe akukugwirirani ndi mowa womwe mwamwawo mayina awo ndi a mbumba imodzi.

Kwa inu amene muli ku South Africa pali m'bale wina wapafupi kwambiri, "laager" wa ma a awiri. Mabunu aja atanyamuka ku Cape m'zaka za m'ma 1830 kulowa m'kati mwa dziko ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, usiku kapena pakakhala nkhondo ankazunguliza ngolozo n'kuzimangirira pamodzi, m'mipata n'kutsekamo nthambi zaminga, anthu ndi ziweto m'kati, linga loyenda nalo. Lotchuka kwambiri ndi la pa mtsinje wa Ncome pa 16 Disembala 1838, pomwe gulu la Andries Pretorius linamenyana ndi asilikali a mfumu Dingane ya Azulu, nkhondo yomwe Mabunu anaitcha Blood River. Tsiku lomwelo la 16 Disembala ndi lija mumapuma ku Joniko, lomwe pano limatchedwa tsiku la chiyanjanitso. Pa nthawi ya tsankho anthu ankanena za "laager mentality", mtima wodzitsekera m'linga n'kumaona aliyense wakunja ngati mdani. Tanthauzo la msasa lija ndi limeneli, langodzera ku Chidatchi cha ku Cape.

Ndipo pali mbali ina yosaseketsa. Poti Lager ndi msasa, ndende za Hitler zomwe munaphedwa anthu mamiliyoni zinkatchedwa Konzentrationslager, ndipo misasa ya akaidi ogwidwa pankhondo inkatchedwa Stalag, chidule cha Stammlager. Anthu a ku Russia nawonso anabwereka liwu lomweli kalekale kutanthauza msasa, nde Gulag, ndende zija za nthawi ya wolamulira wawo Stalin, "lag" wakumapetoyo ndi Lager yemweyu, dzinalo ndi chidule cha ofesi yaikulu yoyang'anira misasa. Mjeremani akamva liwuli palokha, popanda botolo patsogolo pake, maganizo ake sathamangira ku mowa ayi, angaganize za nyumba ya katundu kapena msasa. Ndipotu mukakalowa mu bala ku Munich anthu ambiri saitanitsa "lager", amatchula mtundu wake, Helles, Dunkel, Pils. Liwu lawo lomwe koma linakatchukira kwa eni ena.

Mukafuna kumugwetseratu mnzanuyo, mufunseni funso limodzi lokha, ngati lager ndi botolo lalikulu, nanga dampi ija, kabotolo kakang'ono kamene mumagula ndalama zikatha pakati pa mwezi, bwanji nakonso kalembedwa Lager? Nanga wa m'chitini, nanga wopopa pa mpopi mu bala amene sanalowepo m'botolo chibadwire? Achimwene mukakatenga kireti ija muiike mu firiji igone kaye usiku umodzi, ndipo mnzanuyo mumugawireko awiri, wataya kale ndalama asatayenso ludzu. Funso lanu lachiwiri lija, loti chifukwa chiyani Chibuku chimatchedwa Chibuku, ndaliona, limenelo likufuna tsiku lakelake, munditumizire kaye chithunzi cha kireti.